Dinani Apa ndi Nkhope ya Apongozi Ake

Dzina lake lenileni lili pa chiphaso, ndipo amene amalitchulabe ndi mayi ake okha. Ena onse amamuti Dinani Apa, chifukwa mawu amenewa ndiwo amatuluka m'kamwa mwake kuyambira potsegula shopu mpaka potseka. Ukamuuza kuti dzino likuwawa, iye amatulutsa foni. "Pali tsamba lake zimenezo," amatero. "Dinani apa."

Anali mzime m'banja la ana asanu ndi mmodzi, ndipo manja ake sanaonepo thuza. Atamaliza sukulu, bambo ake anakamusiya kwa kalipentala. Anakhalako masabata atatu. Tsiku lina mwendo wa mpando umene ankakhoma unang'aluka. Iye anathira utuchi mumng'alumo n'kupaka vanishi katatu, mpaka mpando kunyezimira ngati galasi. Kalipentala anauyamikira, anakhalapo, ndipo anadzuka pansi atagwira msana. Kenako bambo ake anamupititsa ku galaja. Kumeneko anatchuka ndi kupukuta. Galimoto inkatuluka ikuwala, n'kukafera pa mphambano yoyamba. Mwini galaja anaitana bambo ake n'kuwauza kuti, "Mwana wanuyu si waulesi ayi. Koma amakonda kunja kwa zinthu."

Foni ya intaneti itagwera m'manja mwake, munthu anapeza kwawo.

Lero ali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, ndipo amagwira ntchito m'kashopu kopapatiza pakati pa sitolo ya mankhwala ndi ya wosoka nsapato. Mkatimo muli makina a fotokope amene akatentha amanunkha ngati tsitsi lopsa, kompyuta imodzi, sikana, nsalu yoyera yokhomedwa pakhoma, ndi kampando kopanda chotsamira kokhalapo ofuna zithunzi za pasipoti. Mwini wake ndi mkulu wojambula amene anthu amawatchula a Musagwedezeke, chifukwa kwa zaka makumi anayi akhala akunena mawu amenewo asanajambule munthu. Maso awo atayamba kuchita chifunga, anafuna munthu wa pakompyuta. Anapeza ameneyu.

Dinani ali ndi kabuku kachikuto chofiira kamene amayenda nako m'thumba la malaya. M'menemo analembamo masamba a pa intaneti oposa zana. Lina limachepetsa chithunzi kuti chitumizike msanga. Lina limachotsa zonse zakumbuyo kwa munthu, kuti wojambulidwa pafupi ndi chimbudzi aoneke ali pabwalo la ndege. Lina limathira mitundu pa zithunzi zakale zakuda ndi zoyera. Lina limadula kanema. Palinso lina limene limaphethiritsa maso a anthu amene anamwalira kale, ndipo mayi wina wogulitsa malasha ataona agogo ake akumutsinzinira, anathawa m'shopumo n'kusiya chikwama.

Tisamunamizire munthu. Zina mwa zimenezi n'zothandiza. Mtsikana wina anabwera akulira chifukwa makalata ake ofunsira ntchito ankakana kupita, ati ndi olemera. Dinani anawapepuza m'mphindi ziwiri, ndipo mtsikanayo ntchito anaipeza. Dalaivala wina anabedwa foni, Dinani n'kumubwezera zithunzi zonse za ana ake kuchokera kumene zinkasungika. Akanathera pomwepo, akanakhala munthu.

Koma nkhope ya munthu sangaisiye mmene ilili. Akangoiona pakompyuta, zala zimamuyabwa. Makwinya amafafaniza, ziphuphu amachotsa, mano amayeretsa, dazi amalifunditsa. Mphunzitsi wina wokhala ndi kadontho kakuda pamphuno anabwezedwa ku ofesi ya mapasipoti, chifukwa a kumeneko anayang'ana chithunzi, anayang'ana iye, n'kumuuza kuti mwini wake abwere yekha.

"Ine ndinkajambula anthu," anatero a Musagwedezeke tsiku limenelo. "Iwe ukujambula sopo."

"Madala, anthu amafuna kuoneka bwino."

"Amafuna kuzindikirika. Chithunzi choyambacho chili kuti?"

"Ndafufuta. Choipa n'kusungiranji?"

Khalidwe lake ndi limenelo. Akakonza chithunzi, choyambacho amataya. Amati chimadya malo.

Anakwatira namwino wa pa kachipatala ka m'dera lomwelo, mkazi wa mawu ochepa ndi manja olimba. Anthu mpaka lero amafunsana kuti anamuonera chiyani. Bambo a namwinoyo anali wowotcherera zitsulo, munthu wamfupi, wa mapewa ngati chitseko. Ali mnyamata, chitsulo chamoto chinawathethekera kumaso. Chinawadula nsidze ya kumanzere pakati n'kusiya chipsera, ndipo chikope cha diso limenelo chinagwa pang'ono moyo wawo wonse. Akakuyang'ana, zinkakhala ngati akuyeza ngati wawongoka.

Tsiku loyamba kukumana, anamuyang'ana mkamwini wawoyo ndi diso lomwelo.

"Ntchito yanu ndi yotani kwenikweni?"

"Ndimakonza zithunzi, bambo."

"Zimakhala zitathyoka?"

Sanadzafunsenso china.

Mkuluyo kujambulidwa ankadana nako. "Ndili pano," ankatero. "Wofuna kundiona abwere." Pa ukwati wa mwana wawo anafika mochedwa, chifukwa anayamba akamaliza geti la munthu. Anangovala jekete pamwamba pa ovolosi, n'kuima kumapeto kwa mzere pojambula. Zithunzi zonse za tsikulo zinadutsa m'manja mwa mkwati asanazipulinte. Ovolosi ija inamunyansa. Anatsegula kabuku kofiira, anapeza tsamba lochotsa anthu osafunika, ndipo pamene panaima apongozi ake panamera mphika wa maluwa. Mu kanema namonso, pamene mkuluyo ankalankhula mawu olangiza, Dinani anati mawu sakumveka bwino, anadula n'kuikapo nyimbo ndi nkhunda ziwiri zikuuluka. Mkazi wake atafunsa, iye anati zina zimene bambo alimo akadali nazo m'foni. Mwezi usanathe foni inadzaza, ndipo anafufuta.

Motero padziko lonse panatsala chithunzi chimodzi chokha cha wowotcherera zitsulo. Anawajambula wojambula wina woyendayenda zaka makumi atatu zapitazo, ataima pakhomo la malo awo a ntchito, magalasi owotcherera ali pamphumi. Chinkakhala m'fulemu pabalaza, pa msomali wa pamwamba pa kabati ya mbale.

Mkuluyo anamwalira chaka chatha. Lolemba lina m'mawa, mkazi wawo analowa m'shopu atanyamula fulemuyo m'thaulo, ngati khanda.

"Akamwini," anatero, "Loweruka chikukwana chaka. Ana onse akubwera, ndi adzukulu amene sanawaone agogo awo bwinobwino. Ndikufuna chachikulu, choti munthu achione ali pakhomo. Ichi chayamba kufwifwa. Koma ndi chokhachi, mwamva? China palibe."

"Amayi, musadandaule. Pali tsamba lake zimenezo."

"Ine za masamba sindizidziwa. Ndikufuna mwamuna wanga."

Atapita, a Musagwedezeke anatenga fulemuyo n'kupita nayo pakhomo pamene pali kuwala. Anaipendeketsa uku ndi uku, ataiyandikiza kumphuno.

"Chinyontho chinalowa," anatero. "Taona apa, mbali ya kumanzereyi. Pepala lamatirira ku galasi. Usatsegule. Upite nacho kuseri pamthunzi, uchiimike pakhoma, uchijambule ndi kamera galasi lili pomwepo. Kujambula kakhumi, kusankha chimodzi. Ukatero ubweze fulemu kwa mwini wake mmene yabwereramo."

"Za kamera zinatha, madala. Sikana imatulutsa bwino."

"Ndati usatsegule."

Mkuluyo anali ndi tsiku lokaonetsa maso kuchipatala, ndipo ananyamuka cha m'ma teni koloko. Asanakhote n'komwe pa sitolo ya mankhwala, Dinani anali atawongola kale timisomali ta kumbuyo kwa fulemu. Katoni inachoka bwinobwino. Chithunzi chinakana. Anatenga lezala n'kuyamba kulowetsa pakona. Mbali ya kumanja inanyamuka mosavuta, iye n'kuyamba kuimba mluzu. Atafika pamphuno, panamveka kaphokoso kakang'ono, ngati munthu akusenda nthochi yosapsa. Anakoka. Pepala linatuluka, koma theka la nkhope silinabwere nalo. Diso la kumanzere, nsidze yake, tsaya ndi khutu zinatsalira pagalasi. Papepala panali poyera ngati ufa.

Safunsa anadya phula. Koma Dinani sanagwe mphwayi ayi. Munthu amene ali ndi kabuku kofiira sachita mantha. Galasi analitsamiritsa kuseri kwa makina a fotokope, kuti adzalitsuke n'kuikamo chithunzi cha munthu wina. Pepala lotsalalo analisikana, n'kulitumiza ku tsamba lobwezeretsa zithunzi zakale. Kagudumu kanazungulira pakompyuta. Kenako nkhope inatuluka yathunthu.

Tsambalo linapatsidwa theka, ndipo linachita zimene likanatha. Linatenga mbali ya kumanja n'kuitembenuzira kumanzere. Maso awiri ofanana, otseguka bwino. Nsidze ziwiri zosaduka. Dinani anawonjezera zake. Anasalaza masaya, anachotsa magalasi owotcherera pamphumi, anavula mkuluyo ovolosi n'kumuveka suti ya buluu ndi tayi. Kumbuyo, m'malo mwa zitsulo ndi dzimbiri, anaika shelefu ya mabuku. Anatsamira pampando n'kudziyamikira yekha. Anasunga chatsopanocho pamwamba pa chosikana chija, monga mwa masiku onse. Pepala long'ambikalo analifinya n'kuliponya m'bini, pamodzi ndi makoko a malalanje. Madzulo ake bini inakhuthulidwa m'galimoto ya zinyalala.

Lachitatu anapulinta chachikulu, n'kuchiika m'fulemu yagolide. Anapita nacho kunyumba kukaonetsa mkazi wake, amene anali atangoweruka ndipo ankaviika mapazi m'beseni.

Namwino anachiyang'ana nthawi yaitali.

"Ameneyu ndi m'busa wa mpingo uti?"

"Iwe, ndi bambo ako awa."

"Bambo anga? Anawerenga liti mabuku onsewa?"

"Ndangowakongoletsa pang'ono. Munthu akamwalira amafunika ulemu."

"Diso lawo lili kuti?"

"Si awa maso, awiri?"

"Ndikunena diso lawo." Anatulutsa mapazi m'madzi. "Bambo a mwana, chithunzi chimene amayi anabweretsa chili kuti?"

Dinani anayamba kufotokoza za chinyontho, za mapepala akale, za momwe tsambalo limagwirira ntchito. Mkazi wake anamudikira kuti amalize, monga amadikirira wodwala amene akunama kuti mankhwala anamwa onse.

"Mwachiwononga," anatero.

"Sindinachiwononge. Chinali chowonongeka kale."

"Loweruka mukawauze nokha. Ine pakamwa panga sipatuluka kanthu. Ndipo mundimvetse: amayi usiku uliwonse amachiuza chithunzi chija zimene zachitika tsikulo. Mukuganiza kuti akamuuza chiyani bwana wa banki ameneyu?"

 Lachinayi lonse Dinani sanapulinte kanthu. Anthu ofuna fotokope ankagogoda pakauntala, iye maso ali pakompyuta. Anatsegula zithunzi za ukwati chimodzichimodzi. Apa mkwatibwi, apa iye mwini, mano mbee. Apa alamu ake. Kumapeto kwa mzere, mphika wa maluwa. M'chithunzi chachiwiri, mphika womwewo. Anatsegula kanema, anathamangitsa mpaka pa malangizo. Nkhunda ziwiri zinauluka. Anaimbira foni achibale onse kufunsa ngati wina anajambulapo mkuluyo. Azakhali ena anati anali nacho chimodzi, koma anamupatsa iye yemweyo chaka cha dzana kuti awachotsere anthu akumbuyo. Anakumbukira. Wakumbuyoyo anali apongozi ake.

Anabwerera ku tsamba lija n'kulilembera kuti liike chipsera pa nsidze ya kumanzere. Linaika chibala chachikulu chochokera pamphumi mpaka pachibwano, ngati cha chigawenga cha m'mafilimu. Analemba kuti lichepetse. Linaika kamzere kowongoka, kaukhondo, ngati kometa dala kwa ometa tsitsi. Analemba kuti ligwetse chikope. Mkuluyo anatuluka ngati woledzera.

Ndiye anati ajambule yekha ndi dzanja, pang'onopang'ono. Anakuza nkhopeyo mpaka nsidze kudzaza kompyuta yonse. Dzanja linaima. Chipseracho chinkapendekera kuti? Kumphuno kapena kukhutu? Chinali chachitali bwanji? Zaka zisanu ndi chimodzi anakhala nawo patebulo limodzi Lamlungu lililonse, ndipo sakanatha kunena. Nthawi zonsezo maso ake anali pafoni.

A Musagwedezeke anali pakampando kawo pakhomo, akupukuta kamera yakale.  Anangoti, "Lero sukuimba mluzu."

Loweruka linafika. Pabalaza pa apongozi panadzaza. Mipando yobwereka inafika mpaka pakhonde, ana ali pansi, nsapato zili mulu pakhomo. Msomali wa pamwamba pa kabati unali wopanda kanthu, ndipo pakhoma pankaoneka chizindikiro cha ngodya zinayi pamene fulemu inakhala zaka zonsezi. Dinani analowa atavala jekete, atanyamula chithunzi chokutidwa ndi nsalu. Anali ataganiza kuti mwina anthu akaona golide ndi suti, aiwala zina zonse. Anakonza kukhosi, ananena mawu awiri atatu okhudza luso la makono, n'kuvundukula.



Woyamba kulankhula anali mlamu wake wamkulu, woyendetsa mathiraki, munthu wosadziwa kunong'ona.

"Alamu, mwasokoneza maoda. Ichi n'cha anthu ena. Pitani nacho msanga, akuchidikira."

"Ndi bambo amenewa, alamu."

"Bambo ake a ndani? Akanakhala bambo athu awa, bwenzi tonse tili madokotala."

Wina anaseka, n'kudzigwira pakamwa. Kamdzukulu kena kanafunsa amake ngati ameneyo ndi amene amawerenga nkhani pa kanema. Namwino anali ataima pakhomo la kukhitchini, manja atapinda, maso ali pa mwamuna wake.

Apongozi ake aakazi anadzuka pampando. Anavala magalasi awo, anayandikira, n'kuyang'ana kuyambira pa tsitsi mpaka pa tayi. Anayang'ananso mbali ya kumanzere.

"Akamwini, mlendoyu mwamutenga kuti?"

"Amayi, tsambalo limangochotsa zolakwika..."

"Zolakwika." Anavula magalasi. "Diso limene mwachotsalo, ine ndinalitsuka ndi madzi amchere masabata asanu ndi limodzi tisanakwatirane. Abale anga ankati ndimusiye, achita khungu. Ndinakwatiwa nalo diso limenelo. Uyu sindikumudziwa, ndipo m'nyumba mwanga sagona. Ndibwezereni changa chija. Chofwifwa chomwecho."

Dinani anayang'ana mkazi wake. Mkazi wake anayang'ana kudenga.

"Chinang'ambika, amayi."

"Bweretsani zidutswa."

"Zinatayidwa."

"Anataya ndani?"

Anayankha motsitsa, moti mlamu wake anachita kumubwerezera kuti a pakhonde amve. "Akuti anataya yekha!"

Mayiwo sanalire. Anapita pakhomo, anafufuza nsapato zawo pamulu paja, n'kuvala.

"Tiyeni mukandionetse pamene munatayira."

"Amayi, galimoto ya zinyalala inatenga Lolemba lomwelo."

"Ndati tiyeni."

Anayenda wapansi, mayi patsogolo, mkamwini pambuyo, jekete itanyowa kumsana. Wosoka nsapato atawaona anaimitsa nyundo. M'shopu anapeza a Musagwedezeke akudula zithunzi za pasipoti ndi lumo. Mkuluyo anaimirira, anapereka moni, n'kukokera mayiwo kampando kaja kopanda chotsamira.

"Mwabwerera mwamuna wanu, mayi," anatero.

"Akuti anapita ndi zinyalala."

"Osati yense."

Anatsegula kabati yawo ya makamera, imene kiyi wake amayenda naye m'khosi, n'kutulutsa chinthu chokutidwa m'nyuzipepala. Linali galasi lija. Analipeza Lolemba madzulo kuseri kwa makina, pafupi ndi botolo la mankhwala otsukira ndi kansanza. Anali ataliika m'fulemu yake yakale, kumbuyo ataikako katoni yotuwa kuti zotsalirazo zioneke.

Panalibe zambiri. Khutu limodzi. Tsaya. Lamba wa magalasi owotcherera. Nsidze yoduka pakati, chipsera chitapendekera kukhutu. Pansi pake diso, chikope chitagwa pang'ono, likuyeza ngati wawongoka. Kwina konse kunali katoni.

Mayiwo analigwira ndi manja awiri. Analiyang'anitsitsa mpaka makina a fotokope anadzizimitsa okha.

"Ndi ameneyu," anatero.

Dinani anali atasuzumira paphewa pawo. Chipsera chinkapendekera kukhutu. Iye akanachipendeketsera kumphuno.

"Madala," ananong'ona, "bwanji simunandiuze Lachinayi kuti muli nalo?"

"Ukanalitani?"

 Dzanja la Dinani linali litafika kale pathumba la malaya, pamene pamakhala kabuku kofiira.

"Ndi chimenecho," anatero mkuluyo.

Mayiwo anakuta fulemu m'nyuzipepala momwe muja, n'kuikumbatira pachifuwa. Pakhomo anatembenuka.

"Akamwini, malemu ankati chitsulo ukachiwotcherera moipa, usachipake penti, chifukwa chidzagwera munthu. Ine ndinkayesa akunena za mageti."

Atabwerera kunyumba, mlamu wamkulu anakwera pampando n'kupachika fulemuyo pa msomali wake. Inakwana ndendende pa chizindikiro chija. Adzukulu anaunjikana pansi pake. Wina anafunsa kuti mbali inayo ya agogo ili kuti, ndipo mlamuyo anati, "Kafunse amalume ako a jeketewo, ndiwo anadya." Agogo aakazi anayamba kufotokoza za tsiku limene chitsulo chinathetheka, ndipo ana anamvetsera akuyang'ana diso.

Dinani anakhala pakona, mbale ili pamwendo. Anayang'ana khoma kanthawi, kenako anaweramira kwa mkazi wake.

"Ukudziwa, tsopano poti mbali yovutayo ilipo, pali tsamba lina limene lingathe kumaliza..."

Namwino anamuponda chala ndi chidendene, osatembenuka n'komwe, ndipo sanachotse phazi mpaka pemphero litatha.

Kuyambira tsiku limenelo zinthu zina zinasintha, koma osati iye. Mkazi wake anasonkhanitsa zithunzi zonse za mwana wawo, za m'mapepala, n'kukazisungitsa kwa amayi ake. A Musagwedezeke anamata pepala pamwamba pa kompyuta, lolembedwa ndi zilembo zikuluzikulu kuti choyamba sichifufutidwa, ndipo lezala aliyense m'shopumo anamutsekera m'kabati ya makamera. Kwa apongozi Dinani amapitabe Lamlungu. Amamupatsa mpando woyang'anizana ndi kabati ya mbale, ndipo amadya mofulumira.

Chithunzi chagolide chija sanachitaye. Ndi chokhacho chimene sanatayepo. Anachiika pawindo la shopu kuti chikope anthu, ndipo chimakopadi. Odutsa amaima n'kufunsa kuti bwana wooneka bwinoyo ndi ndani. Mayi wina wamasiye anafunsa ngati ali pabanja. Dinani amayankha kuti ndi kasitomala wakale, n'kutulutsa kabuku kofiira.